Chilumba cha Mbuzi za Bambo

Kwathu kulibe nyanja. Munthu woyenda kuchokera ku Kaluluma kulowera ku Simlemba amangoona minda ya fodya, zigafa ndi fumbi. Komabe ife tinali ndi chilumba. Ndikanena zimenezi achinyamata amaseka. Aziseka, sanachione.

Chinali pakati pa dambo la kumunsi kwa mudzi wathu. Anali malo okwera, aakulu kuposa bwalo la mpira, okhala ndi chulu, mkuyu umodzi waukulu ndi zitsamba zaminga. M'chilimwe tinkapitako wapansi, kudutsa m'nazale za fodya. Koma mvula ikakhazikika, madzi ankatsika kuchokera kumtunda, n'kugawikana pamutu pa malowo, ena kudzera mbali ya kwathu, ena mbali ya kum'mawa, n'kukakumananso kumunsi. Ankakhala choncho dzinja lonse.

Aliyense amene anawetapo mbuzi amadziwa mavuto a dzinja. Chimanga chikangomera, mbuzi imamangidwa chingwe n'kukhomeredwa chikhomo. Imazungulira pamalo amodzi, imaonda, imadzikola miyendo. Ikadula chingwe, ndi mlandu. Pabanja pathu chingwe cha mbuzi sitinkachidziwa. Agogo anga aamuna anaona kuti mbuzi imaopa madzi monga imaopera fisi, ndipo anati madziwo akhale mpanda. Anamanga khola pansi pa mkuyu uja. Bambo anga atakula analikonzanso ndi nsichi za muwanga, mtengo umene chiswe chimaulephera.

Lamulo lake linali limodzi. Pamalo owolokera, mbali ya kwathu, panali mwala wakuda wofika m'bondo. Madzi akaumiza mwalawo, mbuzi ziwoloke. Nthawi zambiri unkamira Khirisimasi ili pafupi. Masiku a pakati pa kumera kwa chimanga ndi kumira kwa mwala tinkazidyetsa m'mphepete mwa dambo, maso ali pa izo. Bambo sankafunsa munthu. Ankapita m'mawa kukaona mwala, n'kubwera kudzaima pakhomo, n'kunena mawu amodzi: "Lero."

Tsiku limenelo linkaposa Khirisimasi yeniyeniyo. Mbuzi tinkaisenza pakhosi, miyendo yake titaigwira pachifuwa, n'kulowa nayo m'madzi ofika m'chiuno. Inkalira m'khutu ngati ukuipha. Tiana tinkawolokera m'dengu, pamutu pa amayi. Tonde ankasenza bambo okha, ndipo fungo lake linkawakanirira mpaka amayi ankawakaniza kulowa m'nyumba asanasambe kawiri. Misundu inkatiluma m'miyendo, tinkaichotsa ndi fodya wotafuna. Bambo anali munthu wosaseka wamba, koma tsiku limenelo ankaseka mpaka kutsokomola.

Zikafika kumeneko, mbuzi zinkakhala mwaufulu. Zinkadya zitsamba, udzu wanthete ndi nkhuyu zakugwa. M'mawa uliwonse mmodzi wa ife ankawoloka ndi madeya ndi kamchere, pobwerera n'kuvuula mono, chifukwa milamba inalipo yambiri. Nthawi ya masika zinkabwerera kumudzi zonenepa, ubweya ukunyezimira, tiana tatsopano tikutsatira pambuyo, pamene za anthu ena zinali ndi zipsera za chingwe m'khosi. Ogula ankachita kufunsa kuti za pachilumba ndi ziti.

Za tsiku lozibweza lamulo silinanene kanthu, chifukwa panalibe chonena. Madzi ankachoka anthu atakolola.

Sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma zimene bambo anandisiyira ndinazigwira osataya n'chimodzi chomwe. Atamwalira, mwala ndinkauona ndine, ndipo mawu aja ndinkanena ndine.

Kutsidya kwa dambo, mbali ya kum'mawa, kunkakhala alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga. Anali munthu wamtali, wolankhula Chitumbuka ndi Chichewa mosakaniza, wa mawu ambiri. Ine ndine wa mawu ochepa. N'chifukwa chake tinkamvana: iwo ankalankhula, ine ndinkasoka fodya. Ankanditcha woyendetsa sitima, ati m'Kasungu monse ndine ndekha ndinali ndi doko. Ine ndinkawatcha wailesi yosatha mabatire. Mlongo wanga atamwalira anawasiyira adzukulu, ana a mwana wawo wamkazi amene anapita kunja kukafuna ntchito n'kukhalira komweko. Alamu ankawalera okha.

Mvula sinasinthe tsiku limodzi. Choyamba kusowa chinali chizimalupsa, kamvula kaja kozimitsa moto wa m'tchire, kamene kankatiuza kuti timalize mizere. Kenako unasowa mvumbi. Kale unkatha kugwa masiku angapo, wopanda bingu, wolowa pansi pang'onopang'ono, anthu tikuwotha moto masana. M'malo mwake kunabwera mvula yaukali, yogwa madzulo amodzi ngati yakwiyira munthu, kenako n'kuchoka osatsanzika. Mitengo ya kumtunda tinadula tokha, ya zigafa ndi mikangala yoyanikira fodya, zimenezo sindikana. Mchenga wa m'minda unayamba kutsikira m'dambo. Milamba inachepa. Pawailesi ankati ndi kusintha kwa nyengo. Ine wailesi sinandiuze chachilendo, mwala unali utandiuza kale. Zaka zina unkamira Januwale atalowa. Ndinkaudikira, ndipo mbuzi zinkawolokabe.

Kenako zinafika zaka za makuponi. Feteleza anali atakwera moti munthu wamba sakanamugula popanda kapepala kaja, ndipo makuponiwo sankakwanira mudzi wonse. Mabanja awiri ankagawana thumba limodzi. Chaka chimene ndikunenachi alamu anapeza theka la thumba, atapsa ndi dzuwa pamzere wa kudepoti. Analibweretsa panjinga akuikankha, osaikwera, kuopa kuti lingagwe n'kung'ambika. Fodya anali atamusiya chifukwa mphamvu zinali zitachepa. Zonse anaika pa munda umodzi wa chimanga, wa m'mphepete mwa dambo, poti pamenepo chinyezi chimachedwa kuchoka. Anabzala njere imodzi paphando, monga ankanenera alangizi, n'kuthira fetelezayo ndi kachitsekero ka botolo, phando lililonse kamodzi, osataya kambewu n'kamodzi komwe. Chinamera chobiriwira mochita kuda. Anandiitana kuti ndikaone, ndipo anandiyendetsa mzere ndi mzere akuchitchula ngoma, monga amachitchulira a kumpoto. Anati chaka chimenecho adzukulu adya mpaka chaka chitembenuke.

Khirisimasi ili pafupi kunagwa chimvula, ndipo mwala unamira tsiku limodzi. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti lero. Akazi anga sanakondwe. Anati madzi a nthawi ya bambo anali odekha, ooneka pansi, koma awa ndi ofiira, ndi matope ongodutsa, ndidikire kaye. Ndinawayankha kuti mwala wamira. Ana anga aamuna anali atapita kutauni, choncho ndinazisenza ndekha, imodziimodzi, msana ukudandaula. Alamu anakhala kutsidya pa chitsa akundikuwiza, ati sitima yakalamba, injini ikutulutsa utsi.

Januwale atalowa mvula inaleka. Dzuwa linakhala ngati la mwezi wa Okutobala. Fodya ankafota nthawi ya masana isanakwane, ndipo mtima wanga wonse unali kumunda ndi kuchigafa. Komabe m'mawa uliwonse ndinkawoloka ndi madeya. Mutu wa mwala unatulukira, ndinauona. Koma pakati pa njira madzi ankandifikabe m'ntchafu, ndipo mbuzi singalowe m'madzi otero. Mbali ya kwathu ndi yakuya. Mbali ya kum'mawa ndi kumene mchenga unkaunjikana zaka zonsezo. Kumeneko kunalibe mwala. Agogo sanayang'aneko, bambo sanayang'aneko, ndipo inenso sindinayang'aneko, chifukwa pabanja pathu madzi tinkawayeza pamalo amodzi.

Linali Lamulungu. Mudzi wonse unali kutchalitchi, ndipo mapemphero anatalika chifukwa tinkapempha mvula. Potuluka ndinaperekeza alamu, iwo akubwereza ulaliki wonse ndi kuukonza pamene mlaliki anaphonya. Titatulukira pamunda wawo, anasiya mawu pakati.

Mbuzi zanga zonse zinali m'chimanga. Zinali zitadya mitima ya mapesi, masiku ochepa ngaiyaye zisanatuluke, ndipo amene sizinadye zinawathyola. Mapazi ake ankaoneka pamchenga wonyowa, mzere umodzi kuchokera pachilumba. Madzi pamenepo sakanamiza ngakhale chala.

Kanali koyamba kuwaona alamu ali chete. Anavula chipewa, n'kuchivalanso. Kenako anati, osandiyang'ana:

"Sitima yanu yafika padoko, alamu."

Ndinazikusa n'kupita nazo kumudzi. Madzulo amenewo ndinadula khonje ndi kupota zingwe. Mbuzi zimene sizinadziwepo chingwe chibadwire zinalimbana nacho koopsa. Tonde ankathamanga mpaka chingwe kumugwetsa chagada, n'kudzukanso, n'kuthamanganso. Mkota wina wokalamba sanalimbane ayi. Anangoima atayang'ana kudambo, n'kumalira.

M'mawa mwake ndinatenga tonde ndi mkota wabere, zabwino kuposa zonse, n'kupita nazo kutsidya. Ndiwo mwambo, mbuzi ikadya m'munda mwa munthu imalipa ndi mbuzi. Alamu ndinawapeza atakhala pakhonde.

"Mukufuna ndiziwete zimene zandidyera?" anatero. "Chingwe ndizipota ine?"

Ndinati angathe kuzigulitsa.

"Ana ali m'nyumbamu ndi magazi anu. Mlandu wa ine ndi inu ungapite kwa yani? Bwererani nazo."

Ndinati ndikakolola, ngolo imodzi ya chimanga ibwera kwawo. Anayankha kuti chikwatirire sanadyepo za m'nkhokwe ya kuchikazi, ndipo sayamba imvi zili mbuu. Ndinabwerera ndi mbuzi zanga. Ine sindipempha munthu kawiri.

Mvula inabweranso mochedwa, nthawi yobzalanso itapita. Tikakumana tinkangopatsana moni wa pakamwa. Kuchigafa kwanga sankabweranso, ndipo ndinkasoka fodya ndikumva singano yokha. Akazi anga ankadzera kuseri ndi kabeseni ka ufa kophimbidwa ndi chitenje, kupita nako kwa ana aja. Ndinkadziwa, ndipo ndinkayang'ana kumbali. Alamu nawonso ankadziwa, ankayang'ana kumbali ina. Koma kabeseni sikalera banja. Pokolola anapeza madengu ochepa, osakwana kufika nawo nthawi yotentha. Ndinkadziwa kuti adzukulu a mlongo wanga adzagona ndi njala chifukwa cha mbuzi za bambo athu, ndipo ndinalibe njira yowapatsira chakudya imene mwini nyumba akanailola.

Anthu atatha kukolola, tsiku lina ndikusankha fodya ndinaona chithunzithunzi pakhomo la chigafa. Alamu analowa, n'kukhala pa mtolo wa mikangala monga kale. Anatenga tsamba limodzi, n'kulinunkhiza, n'kunena kuti ndaliika m'gulu lolakwika. Silinali lolakwika. Kenako anati:

"Ndabwera kudzatenga mlandu wanga."

"Mbuzi zilipo."

"Sindikufuna mbuzi. Ndikufuna zimene zinasiya."

Anafotokoza, ndipo anafotokoza motalika monga mwa khalidwe lawo. Anali atapita pachilumba okha. Anabaya pansi ndi ndodo m'khola muja, ndodo n'kulowa osapeza dothi lolimba. Zonse zinali ndowe za mbuzi, kuyambira za nthawi ya agogo, zowolerana mpaka kusanduka dothi lakuda. Anali atakumbanso pamchenga pamene mbuzi zinawolokera, n'kupeza madzi mkono usanathe. Anati madzi sanathawe, angolowa pansi. Ankafuna kubzala chimanga chothirira pomwepo, m'njira ya madzi youmayo. M'chilimwe kulibe makuponi. Feteleza wawo akhala chilumba changa.

Ndinapitiriza kusankha fodya. Pachilumba palibe anaikapo khasu. Bambo ankaletsa, osati chifukwa cha mizimu, koma chifukwa kukwera kwa malowo ndiko kunkagawa madzi. Ukapakumba, tsiku lina madzi adzadutsa pakati. Ndinawauza zomwezo.

"Palibe anakumbapo pamenepo."

"Palibenso mbuzi inawolokapo," anatero. "Chaka chino zonse zayamba."

M'mawa mwake ndinapita pachilumba ndekha. Ndinazungulira chilumba chonse, kanali koyamba m'moyo wanga kuchizungulira mwezi umenewo, ndipo mbali ya kum'mawa nsapato sizinanyowe. Ndinakhala pansi pa mkuyu. Fungo la tonde linali likadalipo m'nsichi. Ndinakumbuka amayi akuwoloka ndi dengu pamutu, chitenje atachikwinyira m'chiuno, akukalipira bambo kuti asiye kuseka awagwire dzanja. Ndinakhala mpaka dzuwa linakwera. Kenako ndinapita kunyumba kukatenga khasu, n'kutumiza mawu kutsidya kuti abwere ndi wilibala.

Khasu loyamba ndinaponya ndine. Sindikanalola munthu wina.

Dothilo linali lopepuka, lakuda ngati makala, lonunkhira ngati mvula yoyamba. Tinakumba mpaka m'mawondo, likadali lomwelo. Nsichi za muwanga tinazisiya zili chiimire, ndipo pamene tinkatsika m'pamene zinkatalika, mpaka zipsera za nkhwangwa ya bambo, zimene zinakwiririka ine ndili mnyamata, zinaonekera. Ndinazigwira ndi dzanja, n'kupitiriza kukumba.

Tinatuta ndi wilibala ndi madengu, n'kuthira m'mapando, manja awiri phando lililonse. Tinakumba zitsime zosaya m'mbali. Ndinabweretsa makheni anga othirira nazale ya fodya. Ndiye panabuka vuto limene tonse tinaliiwala: m'chilimwe mbuzi za mudzi wonse zimamasulidwa. Tinadula zitsamba zaminga za pachilumba pomwepo n'kutchinga dimba lonse. Unali mpanda woyamba wotchinga mbuzi umene ndinamangapo chibadwire. Zoyamba kubwera kudzauyesa zinali zanga, tonde ali patsogolo. Alamu anaseka mpaka kukhala pansi, ati ana a woyendetsa sitima abwera kudzaona katundu. Kuyambira tsiku limenelo wailesi yosatha mabatire ija inatsegukanso, ndipo sinazimenso.

Tinkathirira m'mawa, aliyense makheni awiri. Nthawi yozizira chimanga chinaima ngati chikuganiza, ndipo ndinada nkhawa. Kutangofunda chinanyamuka. Odutsa poyamba ankaseka nkhalamba ziwiri zolima mumchenga. Ataona masamba, ena anayamba kukumba zitsime zawo kumunsi. Ena anabwera kudzapempha dothi la pachilumba. Ndinakana. Mlandu unali wa munthu mmodzi.

Dowe linapsa nthawi yotentha, nkhokwe ya alamu itangotsala zitsononkho. Anasonkha moto pansi pa mkuyu n'kuwotcha, adzukulu atazungulira. Choyamba kupsa anapatsa ine. Anadikira kuti ndilume.

"Mbuzi zanu zabweza, alamu," anatero. "Zinachedwa, koma zabweza."

Ndinati mbuzi za bambo sizinabepo za munthu.

"Yewo," anathokoza m'Chitumbuka, n'kutembenuza china pamakala.

Chotsalacho tinachisiya chiume, ndipo chinawafikitsa mpaka dzinja litapita pakati. Ngolo yanga sinapiteko. Kabeseni kaja kanaleka kuyenda.

Tinakumbanso chaka chotsatira, ndi chinacho. Zimene bambo ankanena zinachitika. Chaka china kunagwa chimvula, madzi anakwera n'kulowa m'dzenje lathu, n'kuboola kutsidya. Tsopano chilumba chili pawiri, ndipo kumbali zonse mwana amadumpha. Mkuyu ukadalipo, mizu ina ili pamtunda. Nsichi za muwanga zikadali chiimire pakati pa ngalandeyo, zazitali kuposa ine.

Alamu anatisiya. Adzukulu aja anakula, ndipo dimba akulima ndi iwo, ndi manyowa a m'khola mwanga, amene ndimawasonkhanitsira m'matumba. Mbuzi zanga zimamangidwa ngati za wina aliyense. Zingwe ndimapota ndekha, ndipo palibe inadulapo.

Khirisimasi ikayandikira ndimapitabe kukaona mwala. Akazi anga anasiya kundifunsa kumene ndikupita. Chaka chatha ndinaupeza utamira, madzi ofiira akuthamanga pamwamba pake. Ndinaima pang'ono, kenako ndinabwerera kukasuntha zikhomo, chifukwa udzu pamene zinali unali utatha.